Jipi Imene Inawoloka Nyanja ya Atlantic

Asilikali a pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse sankaikhulupirira Ford GPA, jipi yoyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe. Mafunde akangokula, inkamwa madzi. Koma Ben Carlin, injiniya wa ku Australia, anagula imodzi mu 1947 n'kuyamba kuisula yekha. Anaiika mphuno ngati ya boti, kachipinda kogonamo ndi matanki owonjezera a mafuta, n'kuitcha Half-Safe.

Maulendo oyamba ofuna kuwoloka nyanja ya Atlantic analephereka.

Mu Julayi 1950 iye ndi mkazi wake Elinore ananyamuka ku Halifax, ndipo patatha masiku 32 anakocheza ku Azores. Elinore anadzasiyira panjira, ndipo ndani angamunene? Carlin anakakamirabe mpaka anazungulira dziko lonse, n'kufika ku Montreal mu 1958. Lero galimotoyo imasungidwa pasukulu ya Guildford Grammar ku Perth.