Nyenyezi zoyenda pamzere usiku: zomwe muyenera kudziwa za Starlink ndi maroketi obwerera pansi

Mwina munaziwonapo nokha, kapena wina anaponya vidiyo yake pa gulupu ya WhatsApp. Kwangoyamba kuda, ndiye kumwamba kukudutsa timagetsi tambirimbiri, tandandalikana pamzere umodzi ngati ana asukulu pa asembule, popanda phokoso lililonse. Pa gulupu pamakhala pofuka. Wina akuti ndi ndege za afiti, wina akuti dziko latha basi, wina akuti vidiyoyo ndi yopanga. Zoona zake n'zakuti timagetsi timeneti ndi masetilaiti a Starlink amene angotumizidwa kumene mumlengalenga. Kuti timvetse chifukwa chake achuluka chonchi masiku ano, nkhani yake ikuyambira pa roketi.

Setilaiti ndi chiyani, nanga bwanji sigwa?

Setilaiti ndi makina amene amazungulira dziko lapansi ali kutali kumwamba, kumene kulibe mpweya wokwanira kuwabweza liwiro. Yoyamba inali Sputnik 1, imene dziko la Soviet Union linatumiza pa 4 October 1957.

Anthu ambiri amaganiza kuti kumwambako kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi. Ayi ndithu, iliko. Ganizirani mwala umene mwauponya cham'mbali. Mukaponya mwamphamvu, umakagwera patali. Tsono mutakhala ndi mphamvu zouponya pa liwiro la makilomita pafupifupi 27,000 pa ola, mwalawo ungamagwe koma osafika pansi, chifukwa dziko ndi lobulungira ndipo nthaka imakhala ikupindika kuuthawa. Setilaiti imachita zomwezo: imagwa nthawi zonse, koma imaphonya dziko. Pa liwiro limeneli, mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe imaudutsa mphindi imodzi isanakwane.

Ntchito ya roketi ndi kunyamula setilaitiyo, kuikweza pamwamba ndi kuipatsa liwiro limenelo. Apa ndi pomwe ndalama zinkathera.

Chinasintha n'chiyani?

Kwa zaka zoposa 50, maroketi ambiri ankagwira ntchito kamodzi kokha. Mafuta akatha, thupi lake ndi mainjini ake odula ankagwera m'nyanja kapena kupsa. Zinali ngati kugula basi yatsopano, kupita nayo ku Mzuzu ulendo umodzi, kenako n'kuitaya kuphompho. Ndi dongosolo lotere, tikiti singatchipe. America inayesapo chombo chobwerera chotchedwa Space Shuttle kuyambira 1981 mpaka 2011, koma kuchikonzanso kuti chiulukenso kunkadya ndalama ndi nthawi yambiri.

Kampani ya SpaceX, imene Elon Musk anayambitsa mu 2002, ndi imene inathyola mwambo umenewu. Musk anabadwira ku Pretoria, ku South Africa, koma kampaniyi ndi ya ku America. Roketi yake yotchedwa Falcon 9 ndi yotalika mamita 70 ndipo ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo cha m'munsi, chomwe ndi chachikulu komanso chodula, chili ndi mainjini 9 oyendera mafuta ofanana ndi palafini osakaniza ndi okosijeni wozizira kwambiri mpaka kusanduka madzi. Pakatha mphindi ziwiri ndi theka chinyamukireni, chigawochi chimalekana ndi chinzake. Cham'mwamba chimapitiriza ulendo ndi katundu. Cham'munsi chimatembenuka, kuyatsanso mainjini ena kuti chichepetse liwiro, kutambasula miyendo inayi, n'kutera choimirira. Zonsezi zimatha mphindi 10 zisanakwane.

Atalephera kangapo maroketi n'kumaphulika, a SpaceX anakwanitsa koyamba pa 21 December 2015 ku Cape Canaveral, m'chigawo cha Florida. Mu April 2016 anateretsa ina pa chombo choyandama panyanja, ndipo mu March 2017 anaulutsanso roketi yomwe inali itapitako kale. Lero pali zigawo zina zomwe zapita ndi kubwerera maulendo oposa 20 chimodzi chomwecho. M'chaka cha 2024 chokha, maroketi a Falcon ananyamuka maulendo 134, kutanthauza kuti pafupifupi masiku atatu alionse kunkanyamuka imodzi. Ambiri mwa maulendowa ananyamula masetilaiti a Starlink.

Starlink imasiyana bwanji ndi dishi ya TV?

Dishi ya DStv imene ili pa denga la aneba imaloza malo amodzi chaka chonse. Izi zili choncho chifukwa setilaiti yake ili pa mtunda wa makilomita 35,786, pomwe imazungulira mofanana ndi mmene dziko limatembenukira, ndiye kwa ife imaoneka ngati yangoima. Pa TV zimenezi zilibe vuto. Koma pa intaneti, uthenga ukapita kutali chonchi ndi kubwerera umachedwa kupitirira theka la sekondi, ndipo amene anayesapo kuimba foni ya vidiyo pa netiweki yochedwa akudziwa mmene zimabowera.

Masetilaiti ambiri a Starlink ali pafupi, pa mtunda wosafika ulendo wa pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu. Uthenga umapita ndi kubwerera msanga. Vuto lake n'lakuti setilaiti ya pafupi chonchi siima malo amodzi. Imazungulira dziko lonse mu ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, choncho pamwamba pa nyumba yanu imangodutsa kwa mphindi zochepa. Kuti intaneti isaduke, pamafunika masetilaiti masauzande, ina ikamachoka ina ikufika, ndipo dishi yake imasintha yokha kuchoka pa ina kupita pa ina. Popanda roketi yotchipa, chiwerengero chotere palibe akanachikwanitsa.

Masetilaiti 60 oyamba anapita mu May 2019. Pofika 2025 anali atadutsa 7,000, kuposa theka la masetilaiti onse ogwira ntchito kumwambako.

Nanga mzere uja umabwera bwanji? Roketi imatula masetilaiti ambiri nthawi imodzi pamalo otsika, ali pafupipafupi. Kenako iliyonse imakwera pang'onopang'ono ndi kainjini kake, ndipo pakapita masiku amatalikirana n'kuyamba kuzimiririka m'maso. Alibe mababu. Chimene mumaona ndi kuwala kwa dzuwa kukunyezimira pa iwo, n'chifukwa chake amaoneka kukangoda kumene kapena m'bandakucha, nthawi imene pansi pali mdima koma kumwambako dzuwa likuwomba.

Kuno kwathu zikutikhudza bwanji?

Bungwe la MACRA linapereka chiphaso kwa Starlink mu 2022, ndipo intanetiyi inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu July 2023. Mu Africa muno dziko loyamba linali Nigeria mu January chaka chomwecho. Mozambique ndi Zambia analandiranso mu 2023, ndipo Zimbabwe mu 2024.

Ubwino wake ndi woonekeratu kumalo kumene kulibe nsanja ya mafoni kapena mawaya a intaneti: sukulu ya kumudzi, chipatala chaching'ono, malo ogona alendo kunyanja. Chofunika ndi dishi yake, magetsi kapena sola, ndi malo oti mitengo kapena nyumba sizikutchinga kumwamba. Koma tisanamizane, zipangizo zake ndi malipiro a pamwezi si za munthu amene amadalira bandulo ya tsiku limodzi. Mvula yamphamvu imathanso kusokoneza. Komanso dziwani kuti foni yanu imalumikizana ndi dishiyo kudzera pa Wi-Fi, ndiye wina akakuuzani kuti mumutumizire ndalama kuti "akuikireni Starlink mufoni", gwirani ndalama zanu.

Kutsika mtengo kwa maulendowa kwatsegulanso khomo kwa mayiko a mu Africa. Setilaiti ya Kenya yotchedwa Taifa-1 inakwera Falcon 9 mu April 2023, ndipo ya Botswana, BOTSAT-1, inakwera roketi ya mtundu womwewo mu March 2025. Masetilaiti ngati amenewa amajambula minda, nkhalango ndi madzi, zinthu zothandiza pa ulimi ndi pa ngozi za kusefukira kwa madzi. Mu April 2025 bungwe la African Union linatsegula likulu la African Space Agency ku Cairo.

Pali vuto lanji?

Loyamba ndi kuthithikana. Pa 10 February 2009, setilaiti ya ku America yotchedwa Iridium 33 inawombana ndi ya ku Russia yakufa, Kosmos 2251, pamwamba pa Siberia, ndipo panatuluka zidutswa zoposa 1,000. Pa liwiro la kumwambako, kachitsulo kochepa ngati mtedza kangathe kuboola setilaiti. Katswiri wa ku NASA, Donald Kessler, anachenjeza kale mu 1978 kuti zinthu zikachulukitsa, kuwombana kumodzi kungabale kwina mpaka njira zina zozungulira dziko zitasanduka zosayendeka.

Lachiwiri ndi zomwe zimagwa. Setilaiti ya Starlink imagwira ntchito zaka pafupifupi 5, kenako amaitsitsa kuti ipsere mumpweya, ndipo anaipanga kuti izipseratu. Koma si zitsulo zonse za mumlengalenga zomwe zimatha choncho. Pa 30 December 2024, chitsulo chozungulira ngati mkombero, cholemera pafupifupi makilogalamu 500, chinagwera m'mudzi wa Mukuku m'boma la Makueni ku Kenya. Bungwe la Kenya Space Agency linanena kuti chinachokera pa roketi. Mwamwayi palibe amene anafa.

Lachitatu likukhudza akatswiri ofufuza nyenyezi, amene akudandaula kuti masetilaiti akulemba mizere yowala pa zithunzi zawo. SpaceX yayesa kuchepetsa kunyezimirako, koma dandaulo silinathe.

Lachinayi ndi la mphamvu. Intaneti ya sukulu kapena chipatala ikadalira kampani imodzi yakunja, mtengo ndi malamulo zimakonzedwa kutali, ndipo ndalama zolipira zimatuluka m'dziko. Mpikisano ndi umene ungathandize, ndipo wayamba. Kampani ya OneWeb ili ndi masetilaiti oposa 600, China inayamba kutumiza ake otchedwa Qianfan mu August 2024, ndipo Amazon inayamba kutumiza ake ochuluka mu April 2025.

Kutsogoloku kuli zotani?

SpaceX ikuyesa roketi ina yaikulu kuposa ina iliyonse imene inaulukapo, dzina lake Starship, yotalika mamita oposa 120. Chigawo chake cha m'munsi chili ndi mainjini 33. Pa 13 October 2024 ku Texas, chigawo chimenechi chinabwerera ndipo m'malo motera ndi miyendo, chinawakhidwa m'malere ndi mikono iwiri yachitsulo ya nsanja imene chinanyamukirapo. Maulendo ena oyesera athera pa kuphulika, ndiye ntchito ikadalipo. Cholinga n'chakuti zigawo zonse ziwiri zizibwerera. NASA inasankha Starship mu 2021 kuti idzatsitse anthu pa mwezi mu pulogalamu ya Artemis. Munthu anaponda komaliza pa mwezi mu December 1972.

Mungasiyanitse bwanji zomwe mukuona kumwamba?

Kuwala kukamaphethira, kofiira ndi kobiriwira, imeneyo ndi ndege. Kukang'anima kamodzi n'kuzima pa sekondi imodzi kapena ziwiri, ndi kamwala kakupsa mumpweya. Kukakhala kowala kwambiri koma kosasuntha, chakumadzulo dzuwa litangolowa kapena chakum'mawa lisanatuluke, kawirikawiri imeneyo ndi nthanda, imene asayansi amaitchula Venus. Kadontho kamodzi kowala kwambiri kodutsa mwakachetechete kwa mphindi zingapo kangakhale International Space Station, imene ili pa makilomita pafupifupi 400 ndipo mumakhala anthu kuyambira November 2000. Koma mukaona timadontho tambiri tikutsatana pamzere, ameneyo ndi Starlink wongotumizidwa kumene. Jambulani msanga, chifukwa pakangotha mphindi zochepa mzerewo umalowa mumthunzi wa dziko n'kusowa.