KACHINKHWE KA KU LIWONDE NDI MBIRI YA MBALAME ZA M'KHOLA

 Lero nkhani si ya usipa kapena mtengo wa mafuta a injini ayi. Ndi ya mbalame. Ndi yaitali ndithu, ndiye amene muli pamadzi muisunge, mudzawerenge mukakocheza.

Masiku ano anyamata ambiri akonda zoweta mbalame pakhomo. Ena nkhunda, ena tizinkhwe ting'onoting'ono ta m'khola la waya timene timationa m'tauni ndi kumalo ogona alendo. Ndiye pali aphwanga ena amene ayamba kunena kuti, "Kugula n'kudula, bwanji osangokatchera ulimbo kuthengo, zina n'kusunga, zina n'kugulitsa?" Aise, maganizo amenewo si atsopano. Anthu anawayesa kale zaka pafupifupi 100 zapitazo, ndipo zimene zinatsatira zinalembedwa. Tiyeni tizione.

*Kambalame kokhala ndi dzina la nyanja yathu*

Mukatsika ndi Shire kuchokera ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe, mumalowa m'nkhalango ya Liwonde. M'mitengo ya tsanya ya kumeneko mumakhala kachinkhwe kobiriwira, kumaso ngati papaya lakupsa, mlomo wofiira, maso ozunguliridwa ndi mzere woyera. Kutalika kwake ndi masentimita 13 kapena 14 basi. Azungu amakatcha Lilian's lovebird, ena amati Nyasa lovebird. Kamapezekanso m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, koma kuno kwathu kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde.

Dzinalo linabwera chonchi. Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba mu 1891, anali ndi katswiri wa zomera ndi zinyama dzina lake Alexander Whyte, yemwe uja dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje m'mabuku a sayansi. Whyte ankasonkhanitsa mbalame n'kumatumiza zikopa zake ku London. Mu 1894 George Shelley anaziunika, napeza kuti kachinkhwe kochokera ku Liwonde ndi mtundu umene unali usanalembedwe. Anakapatsa dzina la Lilian Sclater, mwana wa Philip Sclater, amene anali mlembi wa Zoological Society of London. Makolo a ku Liwonde anali atakadziwa kale kambalameka, akukapirikitsa m'minda ya mapira. Chimene chinasintha mu 1894 n'choti anthu a ndalama kutsidya anadziwa kuti kaliko. Pofika 1926 tamoyo tinayamba kufika m'makola a ku Ulaya.

*Zimene zinachitika ku Zambia*

Kachinkhwe kathu kali ndi mbale wake wa masaya akuda, amene amapezeka kumwera chakumadzulo kwa Zambia, pakati pa mitsinje ya Kafue ndi Zambezi. Anamulemba m'mabuku mu 1906 ndi William Sclater, mlongo wake wa Lilian yemwe uja. M'zaka za m'ma 1920 msika wa mbalamezi unatentha koopsa. Zolembedwa zimati mu 1929, m'milungu inayi yokha, anthu anagwira mbalame 16,000. Chaka chotsatira, 1930, boma linaletsa malondawo. Koma mpaka lero mbalameyo sinabwerere mwakale, ndipo ili m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo.

Mwina mukufunsa kuti zimatheka bwanji kugwira zochuluka chotero. Yankho lake msodzi aliyense alimvetsa. Tizinkhweti timamwa madzi tsiku lililonse, ndiye m'chilimwe timasonkhana tonse pa zithaphwi zochepa zimene zatsala. Usiku timagona m'magulu m'mphako za mitengo, mphako zomwezomwezo. Munthu akadziwa chithaphwi ndi mphako, watha ntchito. N'chimodzimodzi kukokera khoka pamalo pamene chambo chikuswana. Tsiku limenelo bwato limadzaza, koma mwapha ndi za chaka chamawa zomwe. Akuluakulu a ku Malombe angakuuzeni mmene chambo chinalili m'ma 1980, ndi mmene chinasowera pofika m'ma 1990. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ku Tanzania nakonso zinabwerezeka. Kachinkhwe kotchedwa Fischer's lovebird kanali mbalame yakuthengo yogulitsidwa kwambiri padziko lonse mu 1987. Chiwerengero chake chinatsika mpaka boma linaimitsa kutumiza kunja mu 1992. Chinkhwe chachikulu chotuwa cha mchira wofiira, chija chimalankhula ngati munthu, chinavutika kuposa pamenepo. Ku Ghana akatswiri anapeza kuti kuyambira 1992 zinkhwezi zinatha ndi 90 mpaka 99 pa 100 zilizonse. Mu 2016, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletseratu kugulitsa kunja zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Malawi ali m'panganoli kuyambira 1982.

*Matenda amene anatseka madoko*

Pali chinthu china chimene chinabweza malondawa m'mbuyo. Mu 1929 ndi 1930 kunabuka matenda ochokera ku zinkhwe zimene zinkatumizidwa pa sitima kuchokera ku South America. Mbalame zinkapanikizidwa m'mabokosi, zikudwala, ndowe zake n'kuuma n'kusanduka fumbi. Anthu amene anapuma fumbilo ankatentha thupi, kumva mutu ndi kudwala chibayo. Anadwala anthu pafupifupi 800 m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ambiri anamwalira, ngakhale ena mwa ofufuza matendawo. Mu January 1930 Pulezidenti Herbert Hoover analetsa kulowetsa zinkhwe ku America. Matendawa madokotala amawatcha psittacosis. Lero ali ndi mankhwala, koma akadalipo, ndipo nkhunda nazonso zimatha kuwanyamula.

Patapita zaka, mbiri inabwereza. Mu 2005, chifukwa cha chimfine cha mbalame, mayiko a European Union anaimitsa kulowetsa mbalame zogwidwa kuthengo, ndipo mu 2007 anatsekeratu. America anali atakhwimitsa kale lamulo lake mu 1992.

*Njira ina imene inatheka*

Tsopano onani mbali inayi. Mu 1840 John Gould anabweretsa ku England kambalame ka ku Australia kotchedwa budgerigar. Poyamba nakonso kankagwidwa kuthengo kambirimbiri. Koma anthu anaphunzira kuti kamaswana mosavuta m'khola ngati mwakapatsa bokosi la chisa, chakudya chabwino ndi mtendere. Lero timbalameti tili m'nyumba mamiliyoni ambiri padziko, tabuluu, tachikasu, toyera, ndipo tonseto tinabadwira m'khola. Kuthengo ku Australia magulu ake akuulukabe.

Nkhunda zathu ndi chimodzimodzi. Munthu wakhala nazo zaka masauzande ambiri, kuyambira ku Mesopotamia ndi Egypt. Mu 1850 Paul Reuter ankatumiza mitengo ya malonda pakati pa Brussels ndi Aachen pogwiritsa ntchito nkhunda. Nkhunda imabwerera kwawo yokha chifukwa pakhomopo pali chakudya, madzi ndi chisa. Palibe amene amaimanga chingwe.

Phunziro lake ndi ili: mbalame yoweta yeniyeni ndi yobadwira m'manja mwa anthu. Yogwidwa kuthengo ndi mkaidi basi. Imakana kudya, imadzimenyetsa kuwaya, ndipo zambiri zimafa zisanafike n'komwe kwa wogula.

*Lero ku Liwonde*

Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. Katswiri wathu wa mbalame, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, anafufuza tizinkhweti kwa zaka zingapo, ndipo kafukufukuyo anasonyeza kuti ku Liwonde tilipo pafupifupi 4,000. Ganizirani, ku Zambia anagwira 16,000 m'mwezi umodzi. Tathuti mwezi sungathe n'komwe. Adani ake ena ndi opha nyama mozembera amene amathira poizoni m'zithaphwi, ndi odula tsanya kuti awotche makala, chifukwa mphako zogonamo zimapezeka m'mitengo ikuluikulu yokha. Ndipo dziwani kuti lamulo loteteza nyama zakuthengo linakhwimitsidwa mu 2017. Kupezeka ndi cholengedwa chotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kunena kuti "ndimangokaweta" sikungakupulumutseni kukhoti.

*Ndiye ukafuna kuweta utani?*

Choyamba, funsa kumene mbalameyo yachokera. Woweta weniweni amakuonetsa makolo ake ndi bokosi limene inaswedweramo. Munthu wobwera nazo m'thumba kapena m'katoni, akuyang'ana uku ndi uku, mtengo wotsika modabwitsa, musiye apite.

Chachiwiri, werengera zaka. Tizinkhwe tating'onoti timatha kukhala zaka 10 mpaka 15, chinkhwe chotuwa chimapitirira zaka 40. Iwe amene ukukonza zopita ku Joni chaka chamawa, kapena umakhala milungu iwiri ku Mbenji kapena ku Makanjira nyengo ya usodzi, adzazipatsa madzi ndani? Ukapanda yankho, usagule.

Madzi akhale atsopano tsiku lililonse, m'chiwiya chotsuka. Kutentha kwa October kuno kunyanja mukukudziwa. Mbalame ya m'khola singathawire pamthunzi yokha, ndiye khola likhale pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pa malata masana. Ukaona yatsegula kukamwa, mapiko yatambasula, ikupuma mofulumira, dziwa kuti yatenthedwa. Ikirako kambale ka madzi osambamo.

Chakudya chisakhale mtundu umodzi. Mawere, mapira ndi mchewere ndi zabwino. Mpendadzuwa ndi mtedza uzipereka pang'ono chifukwa zili ndi mafuta ambiri, ndipo mtedza kapena chimanga chachuku usayerekeze, nkhungu imeneyo imaononga chiwindi. Onjezera masamba otsuka bwino monga bonongwe ndi chisoso, komanso kachidutswa ka papaya, mango kapena gwafa. Yaikazi yoikira mazira imafuna zolimbitsa chigoba, ndiye wiritsa zigoba za mazira, uumitse, usinje. Peyala ndi poizoni kwa mbalamezi. Chokoleti, khofi, mowa ndi zakudya zamchere wambiri, monga nsomba zouma zothira mchere, ayi ndithu.

Utsi ndi mdani wamkulu. Mbalame imapuma mosiyana ndi ife, mpweya woipa umaigwira msanga. N'chifukwa chake anthu a m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi kambalame kotchedwa canary mpaka 1986: kakayamba kufooka, ankadziwa kuti mpweya waipa, n'kuthawa. Ndiye khola lisayandikire pamene mukuwamba nsomba, pa mbaula, kapena m'chipinda chimene mwayatsa koyilo ya udzudzu kapena mwapopera mankhwala.

Khola likhale lalikulu moti mbalame itha kuuluka kuchoka pa kamtengo kena kupita pa kena, osati kungotembenuka. Ikamo nthambi zenizeni zosiyana kukula kuti zala zisapweteke komanso ipeze chojegweda. Waya akhale wa timabowo tating'ono kuti khoswe ndi njoka zisalowe. Lipachike pamene mphaka safika, ndipo ngati lili pa miyendo, samala linthumbu nthawi ya dzinja, limatha kumaliza anapiye usiku umodzi.

Tizinkhweti sitikhala tokha kuthengo. Kamodzi kokha m'khola, popanda wocheza nako, kamayamba kudzizula nthenga ndi kulira kosalekeza. Weta tiwiri, koma usasakanize mitundu yosiyana, chifukwa ana ake amakhala osadziwika mtundu.

Posesa m'khola, yamba wawaza madzi kuti ndowe zisabuke fumbi, ukatha usambe m'manja ndi sopo. Kumbukira za 1929 zija. Kudyetsa mbalame ndi pakamwa pako, ngati mmene ena amachitira ndi maunda, si nzeru. Mbalame yatsopano ikhale payokha mwezi wathunthu usanaiphatikize ndi zinzake, ndipo makola onse atalikirane ndi nkhuku, makamaka chitopa chikamveka m'mudzi. Mbalame imabisa matenda. Ukaiona yadzitukumula nthenga masana, yakhala pansi, maso otsinzina, ndiye kuti yadwala kale masiku angapo. Ipatule, uiike pofunda, upite kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Nawenso ukayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, malungo osapezeka, uwauze adokotala kuti umaweta mbalame.

Ukatopa nayo, usaitsegulire khola n'kumati waipatsa ufulu. Yobadwira m'khola sidziwa kufuna chakudya, kabawi amaitola tsiku lomwelo. Ikapulumuka imatha kukapatsira zakuthengo matenda. Ipereke kwa munthu wodziwa kuweta.

Abale anga, ife ana a asodzi tikudziwa kuwawa kwa kumva agogo akusimba za nsomba zimene ife sitinazione ndi maso. Tisawasiyire ana athu nkhani ngati yomweyo pa kambalame kamene kali ndi dzina la nyanja yathu. Wofuna kuweta agule yobadwira m'khola, aisamale mpaka ukalamba wake. Wofuna kuona kachinkhwe ka ku Liwonde apite ku Liwonde, akakaone kakuuluka m'tsanya ndi anzake.

Tumizani kwa mnzanu amene ali ndi khola pakhomo, ndi kwa uja mwamuona akupota ulimbo. Mulungu akusungeni pamadzi ndi kumtunda komwe.