William Ogden, Meya Woyamba wa Mzinda wa Chicago

Mzinda sumera wokha ngati bowa. Pamene pali mzinda lero, kale panali thengo kapena dambo. Anthu ena anacotsedwapo, ena anakumba ndi kumanga, ena anagula malo ndi kuwagulitsa. Lero tiwerenga za Chicago, mzinda waukulu wa m'dziko la United States, ku America. Tiwerenganso za munthu wamalonda amene anakhala meya wake woyamba. Meya ndiye mtsogoleri wa boma la mzinda.

Eni dziko

Chicago ali m'mbali mwa nyanja yaikulu ya Michigan, pamene kamtsinje kena kathira m'nyanjamo. Kale malowa anali a anthu a mtundu wa Potawatomi. Iwo anali kulima cimanga, kusodza nsomba ndi kusaka nyama. Mlendo woyamba kumanga nyumba yokhazikika pamenepo anali munthu wakuda, dzina lake Jean Baptiste Point du Sable. Iye anacita malonda pamalopo kufikira caka ca 1800.

M'caka ca 1833 boma la United States linakakamiza Apotawatomi ndi mitundu ina iwiri kulemba pangano lopereka dziko lao. Anauzidwa kuti asamukire kutali, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Mu 1835 anasonkhana ku Chicago komaliza, nayamba ulendo wao. M'caka comweco William Ogden anafika.

Ubwana wa Ogden

William Butler Ogden anabadwa mu 1805 m'mudzi wa Walton, m'cigawo ca New York. Atate ake anali ndi makina ocekera matabwa. William akali mnyamata, atate akewo anadwala nalephera kugwira nchito. Cotero iye anatenga malonda a banja, naphunzira msanga kuwerenga ndalama ndi kuyang'anira anchito. Asanakwane zaka 30 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya New York. Kumeneko analankhula mwamphamvu kuti boma lithandize kumanga njanji.

Mlamu wake, Charles Butler, ndi anzake ena anagula malo ku Chicago pa mtengo wa madola 100,000. Anatuma Ogden kuti akawaone. Ogden atafika anapeza matope ndi udzu wokhawokha, ndipo anaganiza kuti mlamu wake wataya ndalama. Komabe analemba anthu nchito, anadula malowo m'zigawo zing'onozing'ono, naika zizindikilo za miseu. Dzuwa litaumitsa matope, ogula anafika ambiri. Ogden anagulitsa gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo, ndipo ndalama zonse zija zinabwera.

Kodi n'cifukwa ciani anthu analimbirana dambo? Iwo anamva kuti boma lidzakumba ngalande yaikulu yolumikiza nyanja ya Michigan ndi mtsinje wa Illinois, umene uthira mu Mississippi. Ngalandeyo ikatha, zombo zamalonda zidzadutsa pa Chicago. Dothi linali lomwelo, koma mbiri ya njira yatsopano ndiyo inakweza mtengo wake. Ogden anazindikira zimenezi, ndipo mu 1836 anasamukira ku Chicago.

Meya m'caka ca mavuto

Mu 1837 Chicago analandira dzina la mzinda. Anthu ake anali 4,170 okha. M'mwezi wa Meyi anacita masankho, ndipo Ogden anapambana John Kinzie nakhala meya woyamba. Anali ndi zaka 31.

Caka cimeneco cinali coipa m'dziko lonse. Mabanki ambiri anagwa. Mitengo ya malo inatsika koopsa. Anthu amene anakongola ndalama kuti agule malo anatsala ndi ngongole zosatha kubweza. Ena anaitana msonkhano, nafuna kuti mabwalo a milandu atsekedwe kuti pasakhale woweruza milandu ya ngongole.

Ogden nayenso anali ndi ngongole. Koma pamsonkhanopo anakana maganizo amenewo. Anawauza kuti mzinda ukadziwika kuti subweza ngongole, palibe adzaukongozanso ndalama zomangira. Anthu anamvera, ndipo mabwalo sanatsekedwe. Boma la mzinda linasindikiza mapepala ake olipirira nchito m'malo mwa ndalama, kuti zinthu zisaime.

Umeya wake sunakwane ngakhale caka cathunthu. Unatha mu 1838. Pambuyo pake anapitiriza kulimbikira za miseu ndi milatho, pakuti mtsinje unali kugawa mzinda pakati, ndipo malo ake ambiri anali kutsidya la kumpoto. Mlatho unathandiza anthu onse, koma unakwezanso mtengo wa malo a Ogden. M'moyo wake wonse zinthu ziwirizi zinayendera pamodzi.

Njanji ya alimi

Mlimi aliyense adziwa kuwawa kwa kukolola zambiri popanda njira yopitira kumsika. Alimi a kumadzulo kwa Chicago anali kulima tirigu wambiri. Anali kumnyamula pa ngolo zokokedwa ndi akavalo kapena ng'ombe. Ulendo unali wa masiku ambiri. Mvula ikagwa ngolo zinali kutitimira m'matope. Nthawi zina ndalama zimene mlimi analandira zinathera pa cakudya ndi pogona paulendo.

Ogden anafuna kumanga njanji yocokera ku Chicago kulinga ku Galena, mzinda wa migodi ya mtovu. Eni cuma a m'mizinda ya kum'mawa anakana kupereka ndalama. Eni masitolo ena a ku Chicago anakananso. Iwo anaopa kuti alimi adzaleka kufika okha mumzinda kudzagula katundu.

Tsono Ogden anapita kwa alimi eni ake. Iye ndi mnzake J. Young Scammon anayenda mudzi ndi mudzi, nacititsa misonkhano. Anapempha alimi kuti agule magawo m'kampani ya njanji, ndi kulipira pang'ono pang'ono. Alimi ambiri anavomera, pakuti anadziwa bwino vuto la matope. Ndalama zao zazing'ono zitaphatikizana zinakwanira kuyamba nchito.

Kampani inagula injini yakale imene inagwirapo kale nchito kwina, naicha Pioneer. Inafika ku Chicago pa combo mu 1848. M'mwezi wa Novembala caka comweco sitima inayenda makilomita pafupifupi 16 kufika ku mtsinje wa Des Plaines, nibwerako ndi tirigu. Njanjiyo inafika ku Freeport mu 1853, ndipo kampani ya Ogden inalekezera pomwepo osafika ku Galena. Injini ya Pioneer isungidwa kufikira lero m'nyumba yosungiramo zakale ku Chicago.

Ngalande ija inathanso mu 1848. Inali ya makilomita 154, ndipo inatenga zaka 12. Anaikumba ndi mafosholo anthu osauka, ambiri a iwo ocokera ku Ireland. Ambiri anafa ndi malungo ndi matenda ena. Maina a ambiri a iwo anaiwalika.

Ndi ngalande ndi njanji, mzinda unakula msanga. Mu 1850 unali ndi anthu pafupifupi 30,000. Mu 1870 anali pafupifupi 300,000. Ogden analemera koposa. Anaika ndalama m'fakitale ya Cyrus McCormick yopanga makina okololera tirigu. Anatsogolera kampani ya njanji ya Chicago and North Western. Mu 1862 anakhala mtsogoleri woyamba wa Union Pacific, kampani imene inathandiza kulumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dziko ndi njanji mu 1869.

Moto wa 1871

Nyumba zambiri za Chicago zinali za matabwa. Ena a matabwawo anali kucokera ku Peshtigo, m'cigawo ca Wisconsin, kumene Ogden anali ndi nkhalango ndi makina ocekera. Caka ca 1871 kunali cilala. Usiku wa pa 8 Okutobala moto unabuka ku Chicago. Anthu pafupifupi 300 anafa, ndipo pafupifupi 100,000 anatsala opanda nyumba. Usiku womwewo moto wina unapsereza Peshtigo ndi midzi yozungulira. Kumeneko anafa anthu oposa 1,200, ambiri a iwo anchito a m'nkhalango, alimi ndi mabanja ao.

Ogden anataya nyumba yake ya ku Chicago ndi makina ake a ku Peshtigo usiku umodzi. Anali ndi zaka 66. Anapita ku Peshtigo nayambanso kumanga. Anakwatira mu 1875, ali wokalamba, ndipo anamwalira ku New York mu 1877.

Lero ku Chicago kuli mseu waukulu wochedwa Ogden Avenue. Ogden anaona patali, ndipo anadziwa kuti mbewu zopanda njira zilibe mtengo. Koma dziko limene anagulitsa linali la Apotawatomi. Ngalande anakumba ndi anchito osauka. Njanji yoyamba inayamba ndi ndalama za alimi. Powerenga mbiri ya munthu mmodzi wodziwika, tiziwerenganso manja a anthu onsewa.

Mafunso

1. Kodi eni dziko la Chicago anali ayani, ndipo anapita kuti?
2. N'cifukwa ciani mtengo wa dambo lija unakwera?
3. N'cifukwa ciani alimi anavomera kupereka ndalama za njanji, pamene eni masitolo ena anakana?
4. Kambiranani: kodi meya amene ali ndi malonda ake mumzinda angatumikire anthu onse mofanana?