Asanagwire mwana wamoyo, amayamba ndi chidole

Ife a ku Kamwala tili pafupi ndi UTH. Ambiri a ife tinabadwira komweko kapena m'makiliniki ozungulira mzinda. Koma sitidzifunsa kuti mzamba amene anatilandira anaphunzirira pa ndani.

Kale ankaphunzirira pa odwala. Sukulu ya udokotala ya UNZA inayamba mu 1966, ndipo monga kwina konse, wophunzira ankaonerera mkulu wake, kenako n'kuyesa yekha pa munthu wamoyo. Njirayi imagwira pa matenda amene angadikire. Mwana wobadwa osapuma sadikira: ayenera kuthandizidwa mkati mwa mphindi imodzi. Si nthawi yoti manja azinjenjemera.

Yankho linachokera kwa munthu wopanga zidole za ana. Mu 1960, Åsmund Laerdal wa ku Stavanger, ku Norway, anatulutsa Resusci Anne, chidole cha msinkhu wa munthu wamkulu chophunzirirapo kupumitsa wokomoka. Zidole zotsatira zinayamba kuyendera magetsi ndi kompyuta, mitengo yake n'kukwera moti zipatala zathu sizikanakwanitsa.

Kuno kwathu tinaona kuti zida zodula sindizo zofunika kwambiri. Dokotala wa ana Elwyn Chomba ndi anzake a ku America anaphunzitsa azamba a m'makiliniki 18 a ku Lusaka ndi Ndola kasamalidwe ka mwana wongobadwa kumene: kumupukuta, kumufunditsa, kumuyamwitsa msanga, ndi kumupopera mpweya ngati sakupuma. Zotsatira zinatuluka mu 2010. Pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, omwalira m'sabata yoyamba anatsika kuchoka pa 11.5 kufika pa 6.8.

Chaka chomwecho bungwe la madokotala a ana la ku America linakhazikitsa maphunziro a Helping Babies Breathe, amene ankagwiritsa ntchito NeoNatalie wopangidwa ndi a Laerdal. Kameneka ndi kachidole kotchipa kamene amakathira madzi kuti kalemere ngati khanda. Sikafuna magetsi. Mzamba akapopa mpweya bwino, chifuwa chake chimakwera. Akalakwitsa, amangoyambanso popanda maliro. Ku Tanzania, zipatala zimene zinatsatira maphunzirowa zinachepetsa imfa za makanda a tsiku loyamba ndi 47 peresenti.

Mu 2011 UNZA, mothandizana ndi madokotala a ku UK, inayamba kuphunzitsa akatswiri ogoneka odwala pa opaleshoni. Chisanafike chakacho, dokotala wofuna ukatswiriwu ankayenera kupita kunja. Nawonso amayeserera pa zidole zimene angachite mayi akataya magazi ambiri pobereka kapena wodwala akasiya kupuma. Pofika 2019, ophunzira a ku Lusaka anali atayesa magalasi a masewera a pa kompyuta pokonzekera opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, khansa imene imapha azimayi ambiri m'Zambia. Ntchitoyi inachitika limodzi ndi Southern Methodist University ndi King's College London.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komanso anati mlendo ndi mame. Zonse ziwiri n'zoona pa nkhaniyi. Alendo anabweretsa zidole ndi ndalama, koma amabwerera kwawo, ndipo luso la manja limaiwalika pakangopita miyezi osayeserera. Chidole chotsekeredwa m'kabati sichipulumutsa aliyense. Chimene chinathandiza m'makiliniki aja n'chakuti azamba athu anaphunzitsidwa kuti akaphunzitse anzawo.

Ena a ife tikuphunzira unesi kapena udokotala, ena posachedwa tidzaperekeza mlongo kapena mkazi ku labour ward. Ophunzirafe tisamaone nthawi ya zidole ngati masewera, ndipo tikamaliza tidzaphunzitse otibwera pambuyo. Enafe tizifunsa aphungu ndi makomiti a zaumoyo a m'dera lathu ngati kiliniki yathu ili ndi chidole, ndiponso kuti azamba anachigwira liti komaliza.