Kuchokera pa Mara: mbiri ya tchimo la kung'ung'udza

Patangopita masiku atatu Aisraeli ataoloka Nyanja Yofiira, nyimbo inawathera pakamwa. Anafika pa Mara kukhosi kuli gwa, napeza madzi owawa, ndipo anayamba kumung'ung'udzira Mose. Buku la Eksodo laika chikondwerero cha chipulumutso ndi madandaulowa m'mutu umodzi, wa 15. Zonse zimene mpingo waphunzitsa pa za kunyinyirika ndi Mulungu zinaphuka pamenepa.

Ludzu silinali tchimo. Mulungu anawapatsa madzi, ndipo atalira njala anawapatsa mana ndi zinziri osakantha munthu. Zinthu zikusintha m'buku la Numeri. Kumeneko anthu akudya tsiku ndi tsiku, koma mtima uli pa nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Igupto. Akukumbukira ndiwo, aiwala chikwapu ndi njerwa, aiwala makanda awo aamuna amene ankaponyedwa mumtsinje. Kuopsa kwa khalidweli kwagona apa: limamuiwalitsa munthu kumene wachokera, mpaka ukapolo n'kumaoneka ngati mtendere. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Zinziri zinabweradi zosawerengeka, mliri unatsata pambuyo, malowo nasanduka manda. Azondi atabwerako ku Kanani, khamu linafika popangana zosankha mtsogoleri wina woti alibwezere ku Igupto, ndipo chigamulo chinali chowawa: zaka 40 m'chipululu, onse a zaka 20 kupita m'tsogolo kufera momwemo, kupatula Yoswa ndi Kalebe.

Komatu Baibulo lomwelo lasunga Yobu akutemberera tsiku limene anabadwa, Habakuku akufunsa Mulungu kuti akhala chete mpaka liti, ndi Salmo 88 limene likuthera mumdima popanda chitonthozo. Mkwiyo wa Mulungu unagwera anzake atatu a Yobu, amene ankadziyesa omuikira kumbuyo Mlengi. Nanga kusiyana kuli pati? Salmo 106 likuti Aisraeli aja ankang'ung'udzira m'mahema mwawo. Iwo ankamunena Mulungu miseche. Yobu ankamuuza pamaso.

Paulo anatenga nkhani ya m'chipululu kuchenjezera nayo Akorinto, ndipo ali m'ndende anauza Afilipi kuti anaphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, zichuluke kapena zichepe. Koma taonani zimene zinachitika pamene Akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti akazi amasiye a kwawo akusiyidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawaopseze ndi chilango cha m'chipululu. Anaona kuti dandaulolo n'loona, nauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oti aziyang'anira ntchitoyo.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analalikira m'masiku amene ufumu wa Roma unkagwedezeka, ndipo ankadzudzula anthu okonda kunena kuti kale zinthu zinali bwino. Koma amene analowa mozama m'nkhaniyi ndi Benedict wa ku Nursia, amene analembera amonke ake malamulo ku Monte Cassino m'zaka za m'ma 500. M'mitu 73 ya bukulo, kung'ung'udza kukubwerabwera. Mmonke akamvera lamulo koma mumtima akunyinyirika, Mulungu salandira ntchitoyo. Kumene vinyo sapezeka, abale ayamike Mulungu osadandaula. Amene akusowa zochepa asakhumudwe poona wodwala akupatsidwa zambiri. Benedict ankadziwa kuti m'nyumba ya anthu okhalira limodzi moyo wonse, manong'onong'o a m'makona amapha ubale msanga kuposa mkangano wa poyera.

Chimene ndimamukondera n'chakuti sanasenzetse ang'onoang'ono okha katunduyu. Analamula kuti ogwira ntchito kukhitchini azipatsidwa chakumwa ndi kachidutswa ka buledi kutatsala ola limodzi kuti anthu adye, kuti atumikire anzawo popanda kunyinyirika. Taganizani munthu amene wakhala pamoto kuyambira m'mawa, m'mimba muli pululu, akupakulira ena. Benedict sanamulalikire, anamudyetsa. Anauzanso mkulu wa amonke kuti azikonza nthawi ya chakudya ndi ntchito mwakuti abale asakhale ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Mwa ichi anavomereza kuti pali kudandaula kwina kumene mlandu wake uli pa wolamulira.

Patapita zaka zoposa 1,000, ku England kuli nkhondo yapachiweniweni, mlaliki Jeremiah Burroughs anaibweretsa nkhaniyi m'nyumba za anthu wamba: amalonda amene katundu wawo waonongeka, makolo amene aika ana. Maulaliki ake anatuluka mu 1648, iye atamwalira kale mu 1646, m'buku lotchedwa The Rare Jewel of Christian Contentment. Iyeyu mavuto sanangowamva. Anachotsedwapo paubusa nathawira ku Rotterdam. Anaphunzitsa kuti mtima wong'ung'udza umakuza mavuto n'kuchepetsa madalitso, umadya nthawi, umalepheretsa munthu kupemphera, ndipo pamapeto pake ndi kuukira Mulungu. Komabe ananenetsa kuti kukhutira sikuletsa munthu kumva ululu, kulirira Mulungu ndi abwenzi, kapena kufunafuna njira zoyenera zotulukira m'vutolo. Thomas Watson anatsatira mu 1653 ndi buku lake la nkhani yomweyo.

Gawo lolola munthu kulira ndi kufunafuna njira yotulukira m'vuto ndi limene amphamvu ankalidumpha dala. Mu 1807 ku London kunasindikizidwa Baibulo la zigawo zosankhidwa, loti liziwerengedwa kwa akapolo a kuzilumba za West Indies. Nkhani ya kutuluka mu Igupto anaichotsamo, nasiya mawu ouza akapolo kumvera ambuye awo. Chiphunzitso chimene chinabadwira pakati pa akapolo omasulidwa chinasanduka chingwe chomangira akapolo ena. Kachilemaka sikanatheretu. Pamaliro kwathu kuno timamva mlaliki akuuza mayi amene waika mwana kuti asadandaule, Mulungu salakwa. Mawuwo ndi oona, koma akanenedwa dothi la pamanda lisanaume, nthawi zina amatseka pakamwa munthu amene amafuna kulira pamaso pa Mulungu wake, n'kumubweza kuhema kukang'ung'udza yekha.

C. S. Lewis anagwira mbali zonse ziwiri. M'buku lake la mu 1945, The Great Divorce, muli mayi wina amene wadandaula moyo wake wonse, ndipo funso n'lakuti kodi mkati mwake mwatsalako munthu woti apulumutsidwe, kapena mwangotsala kudandaula kokhakokha kukudziyendera pakokha. Kwa Lewis, chilango cha tchimoli sichichokera kunja. Munthu amatha pang'onopang'ono mpaka sangathenso kusiya. Mkazi wake, Joy Davidman, atamwalira ndi khansa mu 1960, Lewis yemweyo analemba m'makope ake kuti pemphero lake likugunda pachitseko chotseka, nafunsa ngati Mulungu si wankhanza. Sanang'ambe masambawo. Anawasindikiza mu 1961 m'buku la A Grief Observed, koma pansi pa dzina lina, N. W. Clerk, ndipo dzina lake lenileni linaikidwapo iye atamwalira mu 1963.