Mdani wa pa Kanema ndi Thangata la ku Thyolo

M'chaka cha 1939 Boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit, kuti makanema ake aphunzitse Aafirika kukonda Mfumu ndi kudana naye Hitler. Asilikali a K.A.R. a ku Nyasaland anakamenyadi nkhondo ku Burma mu 1944. Koma pobwera kwao anapeza thangata likali chilili m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Mu Ogasiti 1953 anthu akumeneko anaukira eni minda, ndipo mfuti za Boma lomwelo zinawalozedwa. Nanga pamenepo mdani anali yani? Tsono aphunzitsi, ana akaona nkhondo pa wailesi yakanema, muziwafunsa kuti: anajambula ndani, ndipo anabisa chiyani?