Sukulu ya pa tebulo lodyera: mbiri ya makolo Achikatolika a ku America ophunzitsira ana pakhomo

Chaka cha sukulu ku America chimatha mwezi wa Meyi kapena Juni. Nyengo imeneyi maofesi a masukulu ena m'matauni aang'ono monga Front Royal ku Virginia, Napa ndi Ojai ku California, amalandira makalata othokoza ochokera kwa makolo. Ana ambiri olembetsedwa m'masukulu amenewa sanapondepo phazi pa maofesiwo. Kalasi yawo inali tebulo lodyera la kwawo, mphunzitsi anali mayi awo, ndipo sukulu inkabwera m'makatoni a mabuku kudzera pa positi. Wothokozayo kawirikawiri amakhala mayi amene waphunzitsa ana ake mmodzimmodzi kwa zaka makumi awiri, ndipo tsopano chitsirizira wamaliza sekondale. Kuti timvetse kulemera kwa zikomo wakeyo, tiyenera kubwerera kutali ndithu.

Akatolika a ku America sanayambe ndi kuphunzitsira ana pakhomo. Anayamba ndi kumanga masukulu. M'zaka za m'ma 1800 masukulu a boma ankawerengetsa ana Baibulo la King James ndi mapemphero a Chipulotesitanti, ndipo mu 1844 mkangano wa nkhaniyi unabutsa zipolowe mu mzinda wa Philadelphia, anthu anafa, matchalitchi Achikatolika anatenthedwa. Mu 1884 maepiskopi atakumana ku Baltimore analamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu yake, ndipo chaka chotsatira kunatuluka Katekisimu wa Baltimore, wa mafunso ndi mayankho oloweza pamtima. Boma la Oregon litakhazikitsa lamulo mu 1922 loti mwana aliyense azipita ku sukulu ya boma basi, lamulo limene gulu la Ku Klux Klan linkaliikira kumbuyo, asisiteri anali m'gulu la amene anakasuma. Mu 1925 Khoti Lalikulu la dzikolo linathetsa lamulolo pa mlandu wotchedwa Pierce v. Society of Sisters, ndipo linanena kuti makolo ali ndi ufulu wotsogolera maphunziro a ana awo. Asisiteriwo ankateteza masukulu awo, koma chigamulocho chinadzakhala chishango cha makolo ophunzitsira pakhomo patapita zaka zoposa makumi asanu.

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960, masukulu Achikatolika ku America anali ndi ana oposa 5 miliyoni. Chimene chinkawayendetsa ndi thukuta la asisiteri, omwe mu 1965 analipo pafupifupi 180,000 m'dziko lonselo, ambiri a iwo akuphunzitsa pa malipiro ochepetsetsa. Kenaka zinthu zinatembenuka mofulumira. Asisiteri ambiri anachoka m'zipani zawo, olowa anachepa, m'malo mwawo munabwera aphunzitsi ofunika malipiro enieni, fizi inakwera, masukulu ambiri anatsekedwa. Lero ana a m'masukuluwa safika 2 miliyoni. Banja la ana asanu ndi awiri lodalira malipiro a bambo okha silikanakwanitsa fizi yotero. Makolo ena anali ndi dandaulo lina: ankaona kuti mabuku atsopano a chipembedzo asungunula chiphunzitso, ndiponso sankagwirizana ndi mmene nkhani za kugonana zinkaphunzitsidwira m'kalasi.

Makolowa anapeza poimira mu mawu a Mpingo womwe. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chonena za maphunziro, Gravissimum Educationis, cha mu 1965, chimati makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi akuluakulu a ana awo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatsindikanso zomwezo mu Familiaris Consortio mu 1981. Zikalatazi sizinauze aliyense kuti achotse mwana ku sukulu, ndipo ansembe ambiri ankaona makolo oterewa ngati akuthawa sukulu ya parishi. Koma kwa mayi amene anali atatsimikiza kale mtima, mawuwo anali okwanira.

Kumbali ya lamulo kunali kovuta kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makolo ena anatengeredwa kukhoti pa mlandu wojombetsa ana ku sukulu. Mabanja ena sankatulutsa ana panja nthawi ya sukulu poopa kuti oyandikana nawo awaneneza. Amene anayamba kulimbana poyera sanali Akatolika kwenikweni. John Holt, mphunzitsi amene anafika potaya chikhulupiriro mwa sukulu, anayambitsa magazini ya Growing Without Schooling mu 1977. Raymond ndi Dorothy Moore, a mpingo wa Seventh-day Adventist, ankalimbikitsa kuti ana asamathamangitsidwire ku sukulu akadali aang'ono. Ndipo mu 1983 maloya Achipulotesitanti anakhazikitsa bungwe la Home School Legal Defense Association loteteza mabanja m'makhoti. Pofika 1993 kuphunzitsira ana pakhomo kunali kololedwa m'maboma onse 50 a dzikolo.

Ufulu unapezeka, koma funso lenileni linali likudikira pa tebulo Lolemba m'mawa: tiyambire pati, buku liti, ndipo ndani adzavomereze kuti mwanayu waphunziradi? Mabuku ambiri a ophunzira pakhomo amene analipo anali olembedwa ndi Apulotesitanti, ndipo ena a iwo ankanyoza Mpingo wa Katolika akafika pa mbiri yakale.

Apa ndi pamene panadzukira mabungwe amene lero akuthokozedwa. Anne Carroll anatsegula Seton School ku Manassas mu 1975, dzina lochokera kwa Elizabeth Ann Seton, mayi wamasiye wa ana asanu amene anayambitsa sukulu ku Emmitsburg ndipo anatchulidwa woyera chaka chomwecho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 sukuluyo inayamba kutumiza maphunziro kwa mabanja akutali, ndipo nthambiyo inakula pansi pa utsogoleri wa Mary Kay Clark ku Front Royal, amene mu 1993 anatulutsa buku lakuti Catholic Home Schooling. Seton inadziwika ndi ndondomeko ya tsiku ndi tsiku yolembedwa mwatsatanetsatane, mayeso otumizidwa ku ofesi kukachongedwa, ndi Katekisimu wa Baltimore amene masukulu ambiri anali atamusiya. Ku Napa, mabanja ochepa anayambitsa Kolbe Academy mu 1980, sukulu yaing'ono yotsata kaphunzitsidwe ka Ajezuwiti, ndipo nayonso pambuyo pake inayamba kuthandiza ophunzirira kunyumba.

Koma chimene chinapatsa gulu la Akatolika ophunzitsira ana pakhomo nkhope yake ndi kubwerera ku maphunziro a makedzana. Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, mwana wophunzira ankadutsa m'maluso asanu ndi awiri. Atatu oyamba, otchedwa trivium, anali galamala, luso lolingalira ndi kutsutsa mwadongosolo, ndi luso loyankhula mogwira mtima. Anayi otsatira, amene Boethius anawatcha quadrivium, anali masamu, jometri, nyimbo ndi maphunziro a nyenyezi. Amonke ndi amene anawasunga ufumu wa Roma utagwa: Cassiodorus ku nyumba yake ya amonke ya Vivarium ku Italy, kenaka Alcuin wa ku York ku bwalo la mfumu Charlemagne. Ajezuwiti anaika zonsezi mu ndondomeko yawo ya Ratio Studiorum mu 1599, yodzala ndi Chilatini, Chigiriki, Cicero ndi Virgil. Ife kuno sitingadabwe nazo kwambiri, poti Kamuzu Academy ku Mtunthama inatsegulidwa mu 1981 ndi lingaliro loti munthu wophunzira ayenera kudziwa Chilatini ndi Chigiriki. Kusiyana kwake n'kwakuti m'makomo a ku America munalibe nyumba zokongola kapena aphunzitsi oitanidwa kuchokera kunja. Munali mayi amene mwina sanaphunzirepo liwu limodzi la Chilatini.

Mlatho pakati pa zakalezo ndi mayi ameneyu unali nkhani imene Dorothy Sayers, mlembi wa ku England wa mpingo wa Anglican, anakamba ku Oxford mu 1947, yotchedwa The Lost Tools of Learning. Dandaulo lake linali lakuti sukulu zimadzaza ana ndi maphunziro ambirimbiri koma osawaphunzitsa kaphunziridwe. Anati maluso atatu aja agwirizane ndi msinkhu wa mwana. Wamng'ono amakonda kuloweza ndi kubwereza, ndiye mpatseni ndakatulo, mayina, zaka ndi mawu a Chilatini. Akafika zaka khumi ndi ziwiri amayamba makani, ndiye mphunzitseni kutsutsa bwino m'malo momuletsa. Akasinkhuka amafuna kunena zakezake, ndiye mphunzitseni kulemba ndi kuyankhula mokoma. Tinene chilungamo, kugawa kotereku ndi nzeru ya Sayers mwini. Aphunzitsi akale sankachita ndendende chomwecho, ndipo akatswiri ena amatsutsa zimenezi mpaka lero. Komabe aliyense amene analerapo mwana amaona kuti Sayers ankawadziwa ana.

Amene anasandutsa ganizoli kukhala chakudya cha tsiku ndi tsiku cha mabanja Achikatolika ndi Laura Berquist. Iye anaphunzira ku Thomas Aquinas College ku California, koleji imene inayamba mu 1971, kumene ophunzira amawerenga Aristotle, Euclid ndi Aquinas mwachindunji n'kumakambirana, ndipo mwamuna wake Marcus Berquist anali mmodzi wa oiyambitsa. Anaphunzitsa ana ake asanu ndi mmodzi pakhomo, ndipo mu 1994 analemba zimene ankachita m'buku lakuti Designing Your Own Classical Curriculum. Makolo atawerenga anayamba kumufunsa mafunso, ndipo mu 1995 anakhazikitsa Mother of Divine Grace School ku Ojai. Njira yake inali yoti banja lililonse lipatsidwe mlangizi, kawirikawiri mayi amene anayendapo kale njira yomweyo, woti azikambirana nalo chaka chonse za mwana aliyense payekha.

Ndikuona kuti apa ndi pamene pagona mutu wa mbiri yonseyi. Anthu akamva za sukulu ya pakhomo amaganiza za banja lodzipatula, lodzidalira. Zoona zake n'zakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja amene anapirira mpaka kumapeto ndi amene anali ndi wina wowagwira mkono. Taganizirani mayi amene ali ndi khanda kumanja, wa zaka zisanu ndi chimodzi akulimbana ndi zilembo, wa zaka khumi ndi zinayi wakakamira pa buku la Chilatini la Bambo Robert Henle, Mjezuwiti amene mabuku ake akale akusindikizidwabe chifukwa cha mabanja ngati amenewa. Mayiyo usiku amawerengeratu phunziro lamawa kuti akhale tsamba limodzi patsogolo pa mwana wake. Achibale akumufunsa ngati sakuwononga tsogolo la ana. Iye mwini amadzifunsanso chomwecho. Pa nthawi yotere, munthu wa pa telefoni amene angamuuze kuti mwana wochedwa kuwerengayo asinthiridwe buku, kapena kuti chaka chino cha matenda achepetse maphunziro ena, ndi wofunika kuposa mndandanda wa mabuku abwino onse. Palinso ntchito yosaoneka: kuchonga nkhani imene mwana walemba popanda kukondera kwa kholo, kusunga malikisi, ndi kupereka satifiketi yovomerezeka imene koleji ingailandire. Makalata othokoza aja amakamba zimenezi kwambiri kuposa Aristotle.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo wosaufotokoza akunamiza anthu. Katundu wamkulu amagwera amayi, amene ambiri amasiya ntchito yolipidwa kwa zaka zonsezo. Banja losauka kapena kholo lolera lokha ana silingaikwanitse mosavuta. Malamulo amasiyana boma ndi boma. Kwina amayesa ana chaka ndi chaka, kwina safunsa kanthu, ndipo pali akuluakulu ena amene analeredwa chotere amene lero amadandaula kuti sanaphunzire mokwanira kapena anakula okhaokha popanda wowaona. Madandaulo awo ndi oona ndipo ayenera kumveka. Mayiko ena, monga Germany, salola n'komwe kuphunzitsira ana pakhomo.

Chiwerengero cha boma la America chinaonetsa ana pafupifupi 850,000 ophunzirira kunyumba mu 1999, a zipembedzo zonse, ndipo pofika 2012 anali atachuluka kuwirikiza kawiri. Mliri wa Covid-19 utatseka masukulu mu 2020, mabanja ochuluka amene sanaganizepo za njirayi anakagogoda kwa mabungwe omwe aja, n'kupeza kuti makatoni a positi awonjezeredwa ndi makalasi a pa intaneti, pomwe mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa Chilatini kapena Euclid kwa ana okhala m'maboma osiyanasiyana nthawi imodzi. Ena anabwerera ku sukulu mliri utatha, ena anakhaliratu. Pakati pa olembetsa ana masiku ano pali amene iwo eni anaphunzitsidwa pa tebulo m'zaka za m'ma 1990, ndipo ena mwa amayi awo, ana atatha pakhomo, tsopano ndi alangizi oyankha telefoni ya mabanja ongoyamba kumene.